Ndime 33: Pamene Chigawo Chiuza Khoti Kuti Likhale Chete

Pa 28 Okutobala 2025, cha m'ma 2 koloko usiku anthu ali m'tulo, aphungu a chigawo cha Alberta ku Canada anavomereza lamulo lokakamiza aphunzitsi 51,000 kubwerera m'makalasi. Aphunzitsiwo anali atanyanyala ntchito kwa masabata atatu. Ankadandaula kuti ana achulukitsa m'makalasi ndiponso kuti malipiro atsalira m'mbuyo pamene mitengo ya zinthu ikuthamanga. Lamulolo linawasenzetsa mgwirizano womwe iwo anali ataukana kale pa voti, pafupifupi 90 mwa aphunzitsi 100 aliwonse, ndipo linati wopitiriza sitalaka azilipira chindapusa chofika madola 500 tsiku lililonse. Pa 29 belu linalira, ana anakhala pa madesiki.

Maboma othyola masitalaka alipo ambiri padziko, ndipo zikanathera pomwepo sindikanatenga cholembera. Chimene chinandiimitsa mutu ndi chiganizo chimodzi m'kati mwa lamulolo, chonena kuti lidzagwira ntchito ngakhale zitapezeka kuti likuponda maufulu olembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo. Boma linalemba lokha mawu amenewo, poyera, ndipo chifukwa cha chiganizocho jaji sangaligwetse lamulolo ponena kuti laphwanya maufuluwo. Palibe chinyengo chimene chinachitika. Mphamvu yotere ilipodi, inalembedwa mu Ndime 33 ya Charter of Rights and Freedoms, chikalata cha maufulu chimene anthu a ku Canada amachinyadira kwambiri. Eni dziko amaitcha notwithstanding clause.

Tikamakamba za Canada kumudzi, dzina lofulumira kubwera pakamwa ndi la nduna yaikulu ya ku Ottawa: dzana Justin Trudeau, lero Mark Carney. Koma munthu ukangotsika ndege n'kupeza pogona, umazindikira msanga kuti boma limene uzikumana nalo tsiku ndi tsiku ndi lina. Khadi yakuchipatala ndinakaitenga ku ofesi ya chigawo cha Ontario, kumene ndimakhala. Laisensi yoyendetsera galimoto chimodzimodzi. Sukulu ya mwana wanga, silabasi yake, malipiro a aphunzitsi ake, malire a ndalama zimene landilodi angakweze pa lendi chaka chilichonse, malipiro otsikitsitsa amene bwana angapereke pa ola, zonsezi amagamula ndi a chigawo. Namwino wovomerezedwa ku Manitoba akasamukira ku British Columbia amakalembetsanso kumeneko.

Dzikoli lili ndi zigawo 10 ndi madera atatu a kumpoto. Chigawo chilichonse chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake, nduna zake, ndi mtsogoleri wake amene amamutcha Premier. Malamulo a mu 1867 amene anakhazikitsa dzikoli anagawa ntchito: Ottawa inatenga asilikali, ndalama, malonda a kunja ndi malamulo a milandu yaupandu, zigawo zinatenga sukulu, zipatala, makhonsolo ndi nkhani za malo ndi katundu. Panthawiyo gawo la zigawo linkaoneka laling'ono. Lero ndi limene limadya ndalama zochuluka ndiponso limene limakhudza munthu pakhungu. Premier sali ngati bwanamkubwa wotumidwa ndi likulu ayi. Nduna yaikulu singamuchotse pa mpando, ndipo akasemphana amayankhana ngati anthu ofanana misinkhu. Anzanga amene mumatsutsana za boma la fedulo kwathu, nkhani ino muiwerenge mofatsa.

Ndime 33 inabadwira m'mkangano wa Ottawa ndi zigawo. Kufikira mu 1982, kuti Canada isinthe ndime zikuluzikulu za malamulo ake aakulu inkachita kupempha nyumba ya malamulo ya ku London. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Pierre Trudeau, bambo ake a Justin, anafuna kuthetsa zimenezo, komanso kuikamo chikalata cha maufulu chopatsa makhoti mphamvu yogwetsa lamulo lililonse lopondereza anthu. Atsogoleri a zigawo 8 anamukanira. Ena ankaopa kuti Ottawa ikufuna kuwalanda mphamvu kudzera m'makhoti. Peter Lougheed wa ku Alberta ankati mawu omaliza azikhala ndi anthu osankhidwa. Allan Blakeney wa ku Saskatchewan, wa chipani cha antchito cha NDP, anali ndi mantha amene ine ndimawamvetsa kwambiri. Chigawo chake ndi chimene chinayambitsa mu 1962 dongosolo loti boma lizilipirira aliyense dokotala, ndipo iye ankadziwa mbiri ya makhoti a ku America amene kale ankagwetsa malamulo oteteza antchito m'dzina la ufulu wa eni makampani. Ankafuna kuti majaji akadzakondera olemera, aphungu adzakhale ndi pogwira.

Pa 4 Novembala 1981, msonkhano wa atsogoleriwo ku Ottawa uli pafupi kulephereka, nduna zitatu zinapatukira m'kakhitchini ka m'nyumba ya msonkhanoyo: Jean Chrétien wa boma la ku Ottawa, Roy Romanow wa ku Saskatchewan ndi Roy McMurtry wa ku Ontario. Zimene anagwirizana zinamalizidwa usiku womwewo. Zigawo zivomera chikalata cha maufulu, Trudeau avomera ndime yolola nyumba ya malamulo kuimika ena mwa maufuluwo. Trudeau sanaikonde, koma analola pamene anagwirizana kuti kuimikako kuzitha pakapita zaka zisanu. René Lévesque, mtsogoleri wa Quebec, anali atagona kutsidya kwa mtsinje ku Hull, ndipo anadzamva m'mawa zonse zitatha. Quebec sinavomereze mgwirizanowo mpaka lero, ndipo bala limenelo silinapole. Mfumukazi Elizabeth II inasaina malamulo atsopanowo pa 17 Epulo 1982.

Kagwiridwe ntchito kake n'kosavuta, ndipo m'menemo ndi momwe muli ngozi. Sipafunika kuti kukhale nkhondo kapena mliri, monga momwe malamulo aakulu a Malawi amafunira kuti dziko likhale pangozi yolengezedwa maufulu ena asanaimikidwe. Sipafunikanso aphungu awiri mwa atatu aliwonse. Chipani cholamula chimangolemba chiganizo chija m'bilu, n'kupambana voti wamba. Chimatha kuimika ufulu wa chipembedzo, wolankhula, wosonkhana ndi wolowa m'mabungwe. Ufulu wa moyo ndi chitetezo cha munthu. Maufulu a munthu womangidwa kapena woimbidwa mlandu. Ndi ufulu woti anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Sichingakhudze ufulu wovota, woyenda ndi kukhala paliponse m'dzikomo, kapena maufulu a zilankhulo ziwiri za boma. Zaka zisanu zikatha, aphungu amayenera kuvotanso ngati akufuna kupitiriza. Zaka zisanuzo sanangozitola: ndi nthawi yaitali koposa imene boma lingakhale popanda chisankho. Maganizo anali akuti boma likachita nkhanza ndi ndimeyi, ovota adzalilanga. Mlonda wa ufulu sakhala jaji, akhala manyazi a wandale ndi mkwiyo wa anthu.

Kwa zaka zambiri mlondayu ankaoneka kuti ali maso. Boma la ku Ottawa silinaigwiritsepo ntchito ndimeyi. Kunja kwa Quebec inkatuluka mwa apo ndi apo, ngakhale kuti zimandiwawa kuti mu 1986 boma la Grant Devine, amene analowa m'malo mwa Blakeney, linaigwiritsa ntchito pothetsa sitalaka ya antchito a boma ku Saskatchewan komweko. Chida chopangidwa ndi mnzawo wa antchito chinayamba msanga kukwapula antchitowo.

Nkhani yosonyeza mphamvu ya manyazi ndi ya ku Alberta mu 1998. Kuyambira 1928 mpaka 1972 chigawochi chinali ndi lamulo lolola boma kutseka kubereka anthu amene bungwe lina linawagamula kuti ndi ozerezeka mutu. Anthu oposa 2,800 anachitidwa opaleshoni imeneyi, ambiri osadziwa n'komwe chimene akuwachita. Leilani Muir anamuchita ali ndi zaka 14, atamuuza kuti akumuchotsa apendikisi, ndipo anadzadziwa zoona ali wamkulu ataona kuti sakuima. Anasumira boma, ndipo mu 1996 khoti linalamula kuti alandire madola oposa 740,000. Anzake mazanamazana atatsatira, boma la Ralph Klein linabweretsa bilu mu Malichi 1998 yoti chipukuta misozi chisapitirire madola 150,000 pa munthu, n'kuikamo Ndime 33 kuti asakadandaule kukhoti. Dziko lonse linanyansidwa. Pasanathe tsiku limodzi boma linabweza biluyo. Palibe jaji amene anayankhulapo. Anthu okha anakwanira.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 2018 pamene Doug Ford analowa pa mpando ku Ontario. Kampeni ya makhansala ili m'kati, anadula mipando ya khonsolo ya Toronto kuchoka pa 47 kufika pa 25, ndipo jaji atamuletsa ananena tsiku lomwelo kuti atulutsa Ndime 33. Khoti la apilo linamupatsa zimene ankafuna, choncho sanafike poigwiritsa ntchito. Mu 2021 anaigwiritsadi ntchito pochepetsa ndalama zimene mabungwe angawononge pa zotsatsa za ndale chisankho chisanafike. Koma chimene ndinachiona ndi maso anga ndi cha mu Novembala 2022.

Pasukulu ya mwana wanga pali bambo ena amene amafika kusanache. M'nyengo yozizira ndi amene amakokolola chipale chofewa pa masitepe n'kuwazapo mchere kuti ana asaterereke, ndipo mwana akasanza m'kalasi amaitanidwa ndi iwo. Palinso mayi ena amene ntchito yawo ndi kukhala pambali pa mwana wolumala tsiku lonse, kumudyetsa, kupita naye kuchimbudzi, kumugwira dzanja akayamba kukuwa chifukwa cha phokoso. Anthu otere, pamodzi ndi alembi a m'maofesi a sukulu, oyang'anira malaibulale ndi osamalira ana a mkaka, analipo 55,000 m'bungwe la antchito la CUPE. Bungwelo linkati malipiro awo, powagawa mofanana, ndi madola 39,000 pa chaka. Mukawasintha m'makwacha muona ngati chuma, koma lendi ya nyumba ya chipinda chimodzi ku Toronto inali itadutsa kale madola 2,000 pa mwezi. Lamulo la Ford la mu 2019 linali litamanga makwezedwe a malipiro a antchito a boma pa 1 peresenti pa chaka, pamene mu Juni 2022 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 8.1 peresenti.

Antchitowo anapempha kukwezedwa ndi madola 3.25 pa ola. Boma, kudzera kwa nduna ya zamaphunziro Stephen Lecce, silinadikire kuti sitalaka iyambe. Pa 3 Novembala linakhazikitsa lamulo, Bilu 28, lowasenzetsa mgwirizano wa zaka zinayi: 2.5 peresenti pa chaka kwa olandira zosakwana madola 43,000, ndi 1.5 peresenti kwa otsalawo. Wonyanyala ntchito azilipira mpaka madola 4,000 pa tsiku, bungwe mpaka 500,000. Khoti Lalikulu la Canada linali litagamula kale mu 2015 kuti kunyanyala ntchito ndi ufulu wotetezedwa ndi chikalata chija, n'chifukwa chake boma linatsekera pakhomo ndi Ndime 33.

Lachisanu pa 4 Novembala ananyanyalabe. Sukulu ya mwana wanga inatsekedwa, ndipo m'mawa umenewo tinadutsa pa ofesi ya phungu wa dera lathu. M'mbali mwa msewu munali mutafiirira ndi zovala za mtundu wa pepo, umene ndi mtundu wa bungwe lawo. Ena ankaimba ng'oma pa zidebe zapulasitiki, ena atanyamula zikwangwani zolemba ndi manja pa makatoni, makolo ena akubwera ndi mabokosi a khofi wa ku Tim Hortons. Galimoto iliyonse yodutsa ikaliza hutala, khamu lonse linkakuwa. Ndinawaona mayi aja a pasukulu, ndipo mwana wanga anathamanga kukawakumbatira. Ndinawafunsa ngati sakuopa chindapusa. Anandiyang'ana n'kunena kuti madola 4,000 a tsiku limodzi ndi oposa malipiro awo a mwezi wathunthu, ndiye boma likafuna libwere lidzaone chimene lingatenge m'nyumba mwawo. Sankaseka. Manja awo ankanjenjemera pa chikwangwanicho.

Loweruka ndi Lamlungu mabungwe ena a antchito anaona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati boma lingafafanize ufulu wa okolopa m'sukulu ndi chiganizo chimodzi, anamwino ndi oyendetsa mabasi adzathawira kuti? Ngakhale mabungwe a amisiri omanga, amene anali atamuthandiza Ford pa chisankho cha mu Juni chaka chomwecho, anamuuza kuti walakwitsa. Kunayamba kumveka za sitalaka ya chigawo chonse. Lolemba pa 7 Novembala m'mawa, Ford anaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti achotsa lamulolo antchito akabwerera. Anabwerera Lachiwiri. Pa 14 Novembala aphungu anafafaniza Bilu 28 n'kulemba kuti izionedwa ngati sinakhalepo. Mgwirizano umene anadzasaina unali wa dola imodzi pa ola chaka chilichonse, wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ankafuna, ndipo 73 mwa 100 aliwonse anauvomera, ambiri mokukuta mano. Koma anauvomera okha, ndi voti yawo.

Ndinasangalala tsiku limenelo, ndipo ndikanakonda kuti nkhani ikanathera apa. Vuto ndi lakuti mlonda uja amadzuka pokhapokha opwetekedwa akakhala ambiri, kapena akakhala anthu amene gulu limawamvera chisoni. Ku Quebec kuli anthu amene sali m'gulu lililonse mwa awiriwa.

Kuti munthu aweruze Quebec mwachilungamo ayenera kudziwa kumene yachokera. Ndi anthu olankhula Chifalansa, mamiliyoni ochepa, ozunguliridwa ndi olankhula Chingelezi oposa mamiliyoni 300. Mpaka m'zaka za m'ma 1960 mpingo wa Katolika ndi umene unkayendetsa sukulu ndi zipatala zambiri, ndipo okalamba amakumbukira ansembe akuyendera mabanja kukafunsa chifukwa chake chaka chino mulibe khanda m'nyumba. Unduna wa zamaphunziro unakhazikitsidwa mu 1964. M'badwo umenewo unachotsa mpingo m'boma ndi mtima wonse, ndipo ambiri akaona chizindikiro cha chipembedzo pa munthu wa udindo amakumbukira masiku amenewo. Mantha awo si opeka.

Pa 16 Juni 2019 boma la François Legault linakhazikitsa Bilu 21. Aphunzitsi a sukulu za boma, apolisi, oimira boma pa milandu, oyang'anira ndende ndi ena a maudindo otere saloledwa kuvala chizindikiro chilichonse cha chipembedzo ali pantchito: hijabu, nduwira ya Asikh, kachipewa ka Ayuda, mtanda. Amene anali kale pantchito analoledwa kupitiriza, bola asakwezedwe kapena kusintha udindo. Papepala lamuloli silisankha chipembedzo. M'moyo weniweni, mtanda umabisika m'malaya, hijabu sibisika. Ndime 33 inalowetsedwa kuyambira tsiku loyamba, khoti lililonse lisanalione lamulolo.

Mu Disembala 2021, m'tauni yaing'ono ya Chelsea pafupi ndi Ottawa, mphunzitsi wina wa kalasi yachitatu anachotsedwa m'kalasi mwake chifukwa cha hijabu, n'kupatsidwa ntchito ina. Panalibe kholo limene linadandaula za kaphunzitsidwe kake. Ana ndi makolo anamanga timaliboni tobiriwira pa mpanda wa sukuluyo, anajambula zithunzi, analemba makalata. Mphunzitsi wina wachisikh, atamaliza maphunziro ake a uphunzitsi, anasamukira ku British Columbia kuti akapeze kalasi. Zonsezi zikuchitika pamene Quebec ikusowa aphunzitsi mpaka kulemba ntchito anthu opanda satifiketi ya uphunzitsi. Jaji Marc-André Blanchard, amene anamva mlanduwu, anavomereza mu Epulo 2021 kuti lamulolo likupweteka anthu, makamaka amayi achisilamu, koma anati Ndime 33 yamumanga manja pa mbali yaikulu ya lamulolo. Khoti la apilo linagamula mu Febuluwale 2024 kuti lamulolo lipitirire kugwira ntchito.

Nanga ovota aja? Kafukufuku wakhala akusonyeza kuti anthu ambiri a ku Quebec amalikonda lamuloli. Mu 2022 Legault anapambananso ndi mipando 90 mwa 125. Mu 2024, zaka zisanu zitakwana, aphungu anawonjezera zina zisanu. Apa ndi pamene maganizo a mu 1981 amagwera. Chikalata cha maufulu chinalembedwa kuti chiteteze munthu amene gulu silikumufuna. Ngati gulu lomwelo ndi limene likufunsidwa pa tsiku la voti kuti linene ngati munthuyo walakwiridwa, yankho lake likudziwika kale.

Pali nkhani ina imene ndikudziwa kuti owerenga ambiri adzakhala mbali ya boma. Mu 2023 Scott Moe, mtsogoleri wa Saskatchewan, analamula kuti mwana wosakwana zaka 16 amene akufuna kuti kusukulu azimutchula dzina lina, kapena ngati mnyamata m'malo mwa mtsikana ndi mtsikana m'malo mwa mnyamata, ayambe wapeza chilolezo cha makolo. Jaji ataika chiletso kuti ayambe wamva mlandu wonse, Moe anaitanitsa aphungu mwadzidzidzi mu Okutobala n'kukhazikitsa lamulolo ndi Ndime 33. Sindikufuna kukusinthani maganizo pa nkhani ya anawa. Ndikungopempha kuti amene mukuombera Moe m'manja muzindikire kuti chida chake ndi chomwecho chimene chinachotsa mphunzitsi wa hijabu m'kalasi, ndipo n'chomwecho chimene chingachotse mphunzitsi wovala korona. Ndimeyi ilibe chipembedzo kapena chipani. Imatumikira amene ali pa mpando chaka chimenecho.

Ndipo ngakhale kuchuluka kwa opwetekedwa sikukuoneka kuti kukuopsanso andale monga kale. Aphunzitsi a ku Alberta anali ochuluka pafupifupi ngati antchito a ku Ontario aja. Atsogoleri a mabungwe anaopseza za sitalaka ya chigawo chonse, koma sinachitike. Ana a sekondale anatuluka m'makalasi kukachita zionetsero, nzika zina zinayamba kusonkhanitsa masiginecha kuti zichotse aphungu awo, koma boma la Danielle Smith silinagwedezeke. Chaka chisanathe linatulutsanso Ndime 33 poteteza malamulo ena atatu okhudza ana ndi achinyamata ofuna kusintha kuchoka ku chimuna kupita ku chikazi kapena ku chikazi kupita ku chimuna. Nkhwangwa imene inapachikidwa kudenga kuti idikire tsiku la ngozi ikuwazira nkhuni za tsiku ndi tsiku.

Atsogoleri a zigawo ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati majaji a makhoti akuluakulu amasankhidwa ndi boma la ku Ottawa, palibe amene amawavotera, ndipo palibe amene angawachotse akagamula mopotoka. Amati ana oposa 700,000 a ku Alberta anali atakhala pakhomo masabata atatu, makolo ena akulephera kupita kuntchito, ndipo kholo lilinso ndi ufulu. Amati popanda Ndime 33 chikalata cha maufulucho sichikanakhalapo n'komwe, poti zigawo sizikanasaina. Mfundo yomalizayi ndi yoona kotheratu, ndipo ine sindili m'gulu la ofuna kuti ndimeyi ichotsedwe. Majaji ndi anthu, amalakwa, ndipo mantha a Blakeney akadali ndi malo.

Koma pali zinthu ziwiri zimene yankho lawo limazilambalala. Choyamba ndi mawu akuti "anthu anatisankha". Pa chisankho cha ku Ontario mu Juni 2022 anakavota anali pafupifupi 44 mwa 100 aliwonse oyenera kuvota, chiwerengero chotsikitsitsa m'mbiri ya chigawochi. Chipani cha Ford chinapeza pafupifupi 41 peresenti ya mavotiwo, n'kutenga mipando 83 mwa 124. Mukawerengera bwino, amene anachivotera sanakwane munthu mmodzi mwa asanu aliwonse oyenera kuvota. Ndi mphamvu yochokera kwa anthu ochepa chotero imene inafuna kuimika ufulu wa anthu 55,000 patangopita miyezi isanu, pa nkhani imene sinatchulidwe pa kampeni.

Chachiwiri ndi chimene chimandivuta koposa. Chikalata cha maufulu chili kale ndi Ndime 1, imene imalola boma kuchepetsa ufulu uliwonse ngati lingasonyeze pamaso pa khoti kuti pali chifukwa chomveka ndiponso kuti silinapitirire muyeso. Maboma amapambana milandu yambiri kudzera pakhomo limeneli. Kumeneko boma limabweretsa umboni, akatswiri ake amafunsidwa mafunso, wodandaula naye amanena zake, zonse n'kulembedwa. Boma likalowetsa Ndime 33 m'bilu khoti lisanamve chilichonse, limakhala likuthawa ntchito yofotokoza. Quebec sinakakamizidwe kusonyeza kuti pali mwana amene anapotozedwa maganizo ndi mpango wa mphunzitsi wake. Alberta sinakakamizidwe kusonyeza kuti panalibe njira ina, monga kupereka mkanganowo kwa mkhalapakati kuti agamule. Robert Bourassa, mtsogoleri wa Quebec mu 1988, pa nkhani ya zikwangwani za Chifalansa chokha, anayamba waluza kaye ku Khoti Lalikulu, dziko lonse linawerenga chigamulo, kenako ndi pamene anatulutsa ndimeyi, ndipo nduna zake zitatu zinatula pansi udindo. Zaka zisanu zitatha sanaiwonjezere, anasintha lamulo. Mtengo wotere ndi umene andale a lero apeza njira yosaulipira.

Mu Januwale 2025 Khoti Lalikulu la Canada linavomera kumva apilo ya Bilu 21, ndipo mlanduwu wakula kuposa nkhani ya hijabu. Boma la ku Ottawa linapempha khotilo mu Seputembala chaka chomwecho kuti liike malire pa kagwiritsidwe ntchito ka ndimeyi, ponena kuti kuiwonjezera mobwerezabwereza kungathe kupha ufulu umene unayenera kungoimikidwa kwa kanthawi. Atsogoleri a zigawo zisanu, Ontario, Quebec, Alberta, Saskatchewan ndi Nova Scotia, analembera Carney kuti abweze pempholo. Khoti la apilo la ku Saskatchewan linali litagamula kale mu Ogasiti kuti ngakhale jaji sangagwetse lamulo lotetezedwa ndi Ndime 33, angathebe kunena poyera ngati likuphwanya ufulu kapena ayi, zomwe zikusiyana ndi maganizo a khoti la apilo la ku Quebec.

Ine ndili mbali ya majaji a ku Saskatchewan, ndipo ndikuona nzeru pa zimene Wab Kinew, mtsogoleri wa Manitoba, anabweretsa m'nyumba ya malamulo mu 2025: bilu yoti boma lililonse la chigawocho likagwiritsa ntchito Ndime 33, lizitumiza lamulolo ku khoti la apilo kuti majaji anene maganizo awo. Lamulolo lizigwirabe ntchito, aphungu azikhalabe ndi mawu omaliza monga Lougheed ankafunira. Kusiyana kwake n'kwakuti boma liziyenera kuima pamaso pa jaji n'kufotokoza, wopwetekedwa azimvedwa, ndipo wovota polowa m'kachipinda kovotera azikhala atawerenga kuti khoti linapeza chiyani. Kinew akudzimanga yekha manja pamene ali ndi aphungu okwanira kuchita zimene anzake akuchita, ndipo bilu yotere siikufuna kusintha malamulo aakulu a dziko kapena chilolezo cha Ottawa. Chigawo chilichonse mwa zisanu zija chingathe kuikhazikitsa ndi voti wamba yomweyo imene chimaimitsira maufulu.